Zithunzi za Denga Latsopano: Umboni Umene Mwininyumba Ayenera Kusunga

WOWULUTSA:

Mphamvu ya denga ili m'zinthu zimene sizioneka nyumba ikatha. Munthu woima pabwalo amaona malata ndi mtundu wake, koma chimene chimagwira dengalo ndi matabwa a mkati, mawaya omangirira matabwawo kukhoma, misomali, ndiponso malo amene lata lakwera pa linzake. Zonsezi zimakhala poyera kwa masiku ochepa okha, pamene akalipentala ali pantchito. Malata akangokhomedwa pamwamba, siling'i n'kutseka kunsi, palibe angazionenso popanda kuphwasula. N'chifukwa chake mwininyumba amafunika kujambula ntchito yonse ya denga, kuyambira tsiku lofika katundu mpaka msomali womaliza, ndi kusunga zithunzizo kwa zaka zonse zimene dengalo lidzakhale.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri tauni ya Kafue, yomwe ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 45 kumwera kwa Lusaka, m'mbali mwa mtsinje wa Kafue. Tauniyi inakula kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, pamene kunamangidwa mafakitale monga Nitrogen Chemicals of Zambia ndi Kafue Textiles, pamodzi ndi nyumba za antchito ku Kafue Estates. Kuyambira mu 1996 boma la Zambia linayamba kugulitsa nyumba za makhonsolo ndi za makampani a boma kwa anthu amene ankakhalamo, motero udindo wokonza madenga unachoka kwa olemba ntchito n'kugwera mabanja. Nyumba zomangidwa pa nthawi ya mafakitalewo zapitirira zaka 50, ndipo zambiri zikufunika denga lina. Nakonso ku Shikoswe, ku Zambia Compound ndi m'madera ena, nyumba zatsopano zikungomangidwa chaka ndi chaka.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. Anthu ambiri amathamangira kukhoma malata mu Seputembala ndi Okutobala kuti mvula iwapeze atafolera. Mvula imayamba cha mu Novembala n'kufika mu Malichi kapena Epulo, ndipo yoyambirira imakonda kubwera ndi chimphepo. Denga lokhomedwa mothamanga m'chilimwe limayesedwa patangopita milungu yochepa. Likadontha kapena kusasuka, mafunso amakhala omwewo nthawi zonse: kodi vuto ndi malata, matabwa, mmisiri kapena mphepo? Popanda zithunzi, aliyense amangonena zake.

(Kanyimbo)

Kujambula kumayamba katundu akangotsitsidwa pagalimoto. Malata amagulitsidwa potengera kuchindikala kwake. Ena amatchula mamilimita, monga 0.25, 0.3, 0.4 kapena 0.5, pomwe ena amatchula geji. Pa geji, nambala ikamakwera lata limakhala likupyapyala, kotero geji 28 ndi yochindikala kuposa geji 30, ndipo geji 32 ndi yopyapyala kuposa zonsezi. Kusiyana kumeneku n'kovuta kukuona ndi maso, koma pamtengo ndi pa zaka zimene lata lingakhale n'kwakukulu. Malata ambiri amakhala ndi zilembo zodindidwa kunsi kapena m'mphepete, zosonyeza kampani ndi kuchindikala. Zilembozo ziyenera kujambulidwa pafupi, kuti ziziwerengeka, malata asanakwere padenga. Mulu wonse ujambulidwenso cha m'mbali kuti chiwerengero chake chidziwike.

Chimodzimodzinso matabwa. Akalipentala amawatchula ndi miyeso yake: thu bayi thu, thu bayi folo, thu bayi sikisi. Thabwa la thu bayi sikisi limayenera kukhala pafupifupi mamilimita 50 kwa 150, koma ena ocheka matabwa amachepetsako. Chithunzi cha thabwa lokha sichinena kukula kwake. Chithunzi chothandiza ndi chimene tepi yoyezera yagonekedwa pathabwapo, manambala akuoneka. Pajambulidwenso ngati matabwawo apakidwa mankhwala a chiswe ndi afumbwe, pamodzi ndi chigubu cha mankhwalawo. Matabwa a paini osapakidwa mankhwala sachedwa kufumbwa, ndipo aawisi amapindika akamauma ali kale padenga. Lisiti ya chinthu chilichonse ijambulidwe tsiku lomwelo, chifukwa inki ya malisiti ambiri a m'masitolo imafufutika pakapita miyezi.

Gawo lachiwiri ndi pamene denga likumana ndi khoma, ndipo apa ndi pofunika kuposa pena paliponse. Mphepo yamphamvu ikamadutsa pamwamba pa nyumba imakokera denga m'mwamba. Kukokako kumakula m'makona, m'mphepete mwa khonde ndi pamsonga. Mphepo ikalowanso pakhomo kapena pawindo lotseguka, imakankha dengalo kuchokera mkati. Chimene chimaletsa denga kuuluka ndi malumikizidwe atatu otsatizana. Lata limagwidwa ku mbalelo ndi misomali. Mbalelo zimagwidwa ku mathilasi. Mathilasi amamangiriridwa kukhoma ndi waya wochindikala kapena chitsulo chopyapyala chimene chimazikidwa m'konkire ya pamwamba pa khoma kapena m'mizere ingapo ya njerwa. Pamalo atatuwa pakafooka pamodzi pokha, denga lonse lili pangozi.

Waya womangirira ndi chinthu chotchipa, koma ndi amene amasiyidwa kawirikawiri, chifukwa pulasitala ikapakidwa saonekanso. Choncho thilasi iliyonse ijambulidwe pamene yakhala pakhoma, mbali zonse ziwiri za nyumba, waya akuoneka kuti wazungulira thabwa n'kupotedwa zolimba. Ngati omanga anaika waya konkire isanaume, chithunzi cha tsiku limenelo chimasonyeza kuzama kwake. Amene asankha mathilasi achitsulo ajambule malo owotcherera ndiponso penti yoteteza dzimbiri asanaphimbe.

Gawo lachitatu ndi chimango chonse chili chiimire, malata asanaikidwe. Chijambulidwe kuchokera kumbali zonse zinayi, kenako kuchokera mkati mwa chipinda chilichonse, kamera italoza m'mwamba. Tepi igonekedwenso pakati pa thilasi ndi inzake, ndi pakati pa mbalelo ndi inzake. Mmisiri wofuna kupulumutsa matabwa amatalikitsa mipata imeneyi, ndipo zotsatira zake zimaoneka patapita chaka kapena ziwiri, malata akayamba kubwafuka pakati n'kumasunga madzi. Pajambulidwenso malo amene matabwa awiri alumikizidwa, ndi matabwa opingasa amene amaletsa mathilasi kupendekera mbali imodzi.

Gawo lachinayi ndi kukhoma malata. Apa zinthu zazing'ono ndi zimene zimabweretsa kudontha. Msomali kapena sikuluwu ya denga imakhomedwa pamwamba pa nthiti ya lata, osati m'ngalande mmene mumayenda madzi. Pansi pa mutu wake pamakhala kamphira kotseka bowo. Mmisiri akamenya mopitirira, lata limabonyoka, kamphirako kamaphwanyika, ndipo pamatsala kadzenje kamene madzi amaimapo. Akaphonya mbalelo n'kuzula msomali, pamatsala bowo losatseka. Chithunzi chojambulidwa pafupi, chosonyeza mzere umodzi wa misomali kuchokera kukhonde mpaka pamsonga, chimaonetsa zonsezi. Malo amene lata lakwera pa linzake ajambulidwenso ndi tepi. Denga likakhala lathyathyathya, malata amayenera kukwerana kwambiri, apo ayi mphepo imakankhira madzi kulowa pakati pawo.

Palinso malo ena amene madenga ambiri amayambira kudontha: pamsonga pamene pamakhala maliji, m'ngalande za pakati pamene madenga awiri akumana, ndi pamene denga lagunda khoma lalitali. Nyumba zamakono za makona ambiri zimakhala ndi ngalande zoterezi zingapo, ndipo mbali yaikulu ya ngalandeyo imabisika pansi pa malata. Ijambulidwe isanaphimbidwe. Pomaliza, denga lonse lijambulidwe litasesedwa. Tizitsulo timene timagwa podula malata ndi chopukusira tikasiyidwa padenga timachita dzimbiri mvula yoyamba ikangogwa, n'kusiya madontho ofiira pa malata atsopano. Wogulitsa malata akaona madonthowo amakana mlandu, ponena kuti vuto ndi la okhoma.

Pa ntchito yonseyi mwininyumba safunika kukwera padenga. Malata atsopano ndi oterera, m'mphepete mwake ndi mwakuthwa, ndipo nyumba zambiri zili pafupi ndi mawaya a magetsi a ZESCO. Zithunzi za pamwamba angajambule ndi mmisiri amene ali kale pamenepo, ndipo ndi bwino kugwirizana zimenezi pokambirana mtengo, ntchito isanayambe.

(Kanyimbo)

Phindu loyamba la zithunzi limaoneka pa mgwirizano wa mwininyumba ndi mmisiri. Madenga ambiri a m'makomboni amakhomedwa pongogwirizana pakamwa, ndipo malipiro amaperekedwa m'zigawo. Anthu ochuluka amene akumanga ku Kafue amagwira ntchito ku Lusaka, ku Copperbelt kapena kunja kwa dziko, ndipo amatumiza ndalama pafoni osaona ntchito ndi maso. Kwa anthu otere, lamulo losavuta ndi lakuti chigawo chilichonse cha malipiro chizituluka zithunzi za gawo lomwe latha zikafika. Mwanjira imeneyi cholakwika chimaoneka chimango chikadali poyera, pamene kuchikonza kumangofuna waya ndi misomali yochepa.

Zithunzi zimatetezanso mmisiri wokhulupirika. Nthawi zina kalipentala amalangiza malata ochindikala kapena matabwa okwanira, mwininyumba n'kukana chifukwa cha kuchepa kwa ndalama. Denga likavuta, mlandu wonse umagwera mmisiri. Zithunzi za katundu amene anapatsidwa zimamuchotsa pamlandu wosakhala wake, ndipo zithunzi za ntchito yabwino zimamupezera makasitomala ena.

Mkangano ukakula, pali malo angapo okadandaula. Bungwe la Competition and Consumer Protection Commission, lomwe limagwira ntchito pansi pa lamulo la mu 2010, limalandira madandaulo a ogula amene anamizidwa pa katundu, monga kugulitsidwa malata opyapyala pamtengo wa ochindikala. Bungwe la National Council for Construction limalembetsa makontilakitala ndi kuyang'anira ntchito zomanga m'dziko muno. Palinso khoti la milandu ing'onoing'ono ya ndalama, la Small Claims Court, kumene munthu amadziyankhulira yekha popanda loya. Konseku funso loyamba limakhala la umboni. Lamulo la Electronic Communications and Transactions la mu 2021 limalola kuti zinthu zosungidwa pafoni kapena pakompyuta zilandiridwe ngati umboni, ndipo kulemera kwa umboniwo kumadalira mmene unapangidwira ndi mmene unasungidwira.

Phindu lachiwiri ndi la inshuwalansi. Munthu amene watenga ngongole ya nyumba kubanki nthawi zambiri amakakamizidwa kukhala ndi inshuwalansi ya nyumbayo. Mapangano ambiri otere amalipira zowonongeka ndi mphepo yamkuntho, moto kapena mtengo wogwera padenga, koma salipira zowonongeka chifukwa cha ntchito yosalongosoka kapena kukalamba kwa denga. Wofufuza wa kampani amafika denga litagwa kale, ndipo amaweruza poona zotsala. Malata akauluka okha, amakayikira misomali. Akapita pamodzi ndi mbalelo, amakayikira malumikizidwe a matabwa. Denga lonse likanyamuka n'kusiya makoma okha, amafunsa za waya womangirira. Zithunzi za nthawi yomanga zimayankha mafunso amenewa, zimasonyeza zaka za dengalo, ndiponso zimathandiza kuwerengera mtengo wa zomwe zatayika. Makampani a inshuwalansi amayang'aniridwa ndi Pensions and Insurance Authority, kumene munthu wosakhutira angakadandaule.

Mabanja ambiri alibe inshuwalansi, komabe zithunzi zimawathandiza. Chimphepo chikasasula nyumba zambiri m'dera, akhonsolo ndi a Disaster Management and Mitigation Unit, nthambi ya mu ofesi ya Wachiwiri kwa Pulezidenti, amayendera malo kuti alembe zowonongeka. Banja limene lili ndi chithunzi cha nyumba isanawonongeke ndi china cha itawonongeka limafotokoza vuto lake mosavuta. Ngozi ikachitika, zowonongeka zijambulidwe anthu asanayambe kutola malata ndi kukonza.

Phindu lachitatu ndi la kukonza ndi kuwonjezera zinthu m'tsogolo. Madzi odontha satsika molunjika. Amalowa pabowo la msomali, n'kuyenda ndi thabwa mamita angapo, kenako n'kudonthera pa siling'i ya chipinda china. Mmisiri wopanda chomutsogolera amaphwasula malo ambiri pofufuza. Akaona zithunzi amadziwa pamene pali ngalande, pamene malata akwerana ndi pamene matabwa alumikizana, ndipo amayambira pomwepo. Pakafunika lata limodzi lolowa m'malo, chithunzi cha zilembo za kampani chimathandiza kupeza la mtundu ndi nthiti zofanana.

Chilala cha mu 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi ngozi ya dziko lonse pa 29 Febuluwale chaka chimenecho, chinachepetsa madzi m'madamu opangira magetsi, ndipo kuzimazima kwa magetsi kunachititsa mabanja ambiri kuika masola padenga. Masola ndi matanki a madzi otentha amawonjezera katundu pa denga, ndipo amayenera kumangiriridwa pa mbalelo kapena pa mathilasi, osati palata lokha. Woika masola amene waona zithunzi za chimango amadziwa pamene pali matabwa ndi kukula kwake, motero saboola malata mwachisawawa. Amagetsi ndi okonza mipope nawonso amapindula ngati mawaya ndi mapaipi a m'denga anajambulidwa siling'i isanatseke.

Eni nyumba zakale ali ndi chifukwa china chapadera. Nyumba zambiri za m'matauni a Zambia za zaka za m'ma 1960 ndi 1970 zinafoleredwa ndi asibesitosi. Fumbi la asibesitosi likapumidwa limayambitsa matenda a m'mapapo, kuphatikizapo khansa, ndipo matendawa amaonekera patapita zaka zambiri. Fumbilo limatuluka asibesitosi akamaswedwa, kuchekedwa kapena kubooledwa. Pochotsa denga lotere, zidutswa zimayenera kunyowetsedwa ndi kutsitsidwa zathunthu, antchito atavala zotchinga pamphuno ndi pakamwa, ndipo za katayidwe kake zifunsidwe ku khonsolo kapena ku Zambia Environmental Management Agency. Zithunzi za ntchitoyi zimasonyeza ngati asibesitosi anachotsedwa yense kapena ngati wina anatsala pansi pa malata atsopano, chinthu chimene aliyense wodzagwira ntchito padengapo ayenera kudziwa.

Phindu lachinayi limabwera pogulitsa nyumba, poichititsa lendi kapena poiika chikole. Wogula amaona penti ndi matailosi, koma za m'denga amangomva kwa wogulitsa. Woyesa mtengo wa nyumba wotumidwa ndi banki amafunsa zaka za denga ndi zipangizo zake. Zithunzi zokhala ndi masiku, pamodzi ndi malisiti ndi pulani yovomerezedwa ndi Kafue Town Council, zimachotsa kukayikira. Pa nyumba ya lendi zimathandiza kusiyanitsa vuto lakale ndi limene labwera ndi wokhalamo, monga mabowo a dishi ya kanema. Mwininyumba akamwalira, zithunzi ndi malisiti zimathandiza banja kudziwa amene anaika ndalama pa nyumbayo ndi nthawi yake, nkhani imene imagawanitsa abale kawirikawiri pogawa chuma cha masiye.

(Kanyimbo)

Chotsala ndi kasungidwe. Zithunzi zambiri zimatayika chifukwa zimakhala m'foni imodzi yokha, ndipo foni imabedwa, imagwera m'madzi, kapena imadzaza mwini n'kufufuta zakale. Denga labwino limakhala zaka makumi angapo, pomwe foni imasinthidwa pakapita zaka zochepa. Choncho zithunzi zisungidwe m'malo osachepera atatu. Malo oyamba ndi pa intaneti, monga pa imelo kapena pa Google Photos, ndipo mawu achinsinsi olowera adziwike kwa munthu wina wodalirika m'banjamo. Malo achiwiri ndi pa memore khadi kapena pa fulashi yosungidwa m'nyumba ina. Malo achitatu ndi papepala: zithunzi 15 kapena 20 zofunika kwambiri zitsukidwe kusitudiyo, kumbuyo kwake kulembedwe tsiku ndi mbali ya nyumba, kenako ziikidwe m'pulasitiki pamodzi ndi mapepala a malo.

Foni ikajambula, imalemba m'kati mwa chithunzi tsiku ndi nthawi, ndipo nthawi zina malo amene chajambulidwira. Zolembedwa zobisikazi n'zimene zimapatsa chithunzi mphamvu ya umboni, choncho tsiku la pafoni liyenera kukhala lolondola. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp mwa nthawi zonse chimachepetsedwa, ndipo zolembedwazo zimachotsedwa. Chikatumizidwa ngati dokumenti chimafika chathunthu. Zithunzi zoyambirira zisadulidwe kapena kukongoletsedwa. Pa malo alionse pafunika zithunzi ziwiri: china cha patali chosonyeza kuti ndi nyumba iti ndi mbali iti, china cha pafupi chosonyeza chinthu chenichenicho. Kuwala kwa m'mawa ndi kwa madzulo n'kwabwino kuposa kwa masana, pamene malata amathobwa kamera.

Ntchito yojambula sithera pa tsiku lomaliza kukhoma. Chaka chilichonse mu Okutobala, mvula isanayambe, ndi mu Epulo, itangotha, denga lijambulidwe kuchokera pamalo omwewo. Kuyerekeza zithunzi za zaka zotsatizana kumaonetsa msomali umene ukuzuka, dzimbiri limene likufalikira ndi msonga imene yayamba kuwerama, zinthu zimene munthu wokhala panyumbapo tsiku ndi tsiku sazizindikira. Amene denga lawo linatha kale osajambula angayambe ndi zimene zikuoneka panja ndi za m'kati mwa siling'i, ngati pali polowera.

Denga ndi limodzi mwa magawo odula kwambiri pa nyumba, pomwe kulijambula kumangofuna foni, tepi yoyezera ndi mphindi zochepa pa gawo lililonse la ntchito. Aliyense amene akukonzekera kufolera nyumba ku Kafue chaka chino agwirizane ndi mmisiri wake za zithunzi asanapereke ndalama yoyamba, ndipo asalole kuti malata akwere waya womangirira ndi chimango zisanajambulidwe.